Bere likachotsedwa: kuchira kwa mayi wa ku Machinga ndi Balaka

Mayi amene wachotsedwa bere sakhalitsa m'chipatala. Pakapanda chovuta amatulutsidwa patangopita masiku ochepa, bandeji ili pachifuwa, mwina kachubu kotulutsa madzi kakadali m'khwapa, tsiku lobwerera litalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala. Ngati kwawo ndi ku Nayuchi, Ngokwe kapena Chikweo m'boma la Machinga, kaya ku Phimbi kapena Utale m'boma la Balaka, ulendo wochokera ku Zomba Central kapena ku Gulupu ku Blantyre ndi wa minibasi ziwiri zitatu, kumapeto kwake kabaza wa njinga yamoto m'msewu wa mabampu. Akangotsika pa kabazapo, otsala kumuyang'anira ndi mchemwali wake, mayi ake okalamba, mwana wake wa sitandade 7, ndi mwamuna wake ngati sali ku Joni.

Malangizo a kachiridwe ka opaleshoniyi ndi odziwika, ndipo ndi oona: osanyamula zolemera kwa milungu 4 mpaka 6, bala likhale laukhondo, kubwerera kuchipatala pa tsiku lake. Kungoti adalembedwa ndi anthu a nyumba za madzi a pampopi. Kwa mayi wa ku Ulongwe, zolemerazo ndiye tsiku lake lonse: ndowa ya kumjigo, mtolo wa nkhuni, munsi, khasu, mwana kumsana. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuchira bwino kuno kumatsamira pa mafunso awiri amene safunsidwa kawirikawiri m'chipinda cha dokotala. Ndani asenze ndowa? Nanga ndalama ya maulendo otsatira ichokera kuti?

Si opaleshoni iliyonse ya bere imene ili ya khansa. Mayi woyamwitsa akatuluka chithupsa m'bere, amaching'amba n'kutulutsa mafinya. Mtsikana akapezeka ndi kachotupa kosaopsa, amakachotsa. Zoterezi zimachitika ngakhale pachipatala cha boma ku Liwonde kapena pa Balaka, bala limapola m'milungu yochepa, ndipo woyamwitsa nthawi zambiri amauzidwa kuti asasiye kuyamwitsa. Nkhani yovuta ndi ya khansa.

Mu 1894 dokotala William Halsted wa ku Baltimore, ku America, adafalitsa njira yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi timibulu ta m'khwapa, tija tikatupa timati mwanabere. Amayi ambiri ankatsala ndi chifuwa cholowa m'kati ndi mkono wotupa. Mu 1948 David Patey wa ku London adasonyeza kuti mnofu waukulu wa pachifuwa ukhoza kusiyidwa, ndipo opaleshoni imene amayi athu ambiri amachitidwa lero idachokera pamenepo. Kenako Umberto Veronesi ku Milan mu 1981 ndi Bernard Fisher ku America mu 1985 adapeza kuti chotupa chikakhala chaching'ono, kuchotsa chotupa chokhacho n'kuwotcha malowo ndi makina a radiotherapy kumapulumutsa moyo mofanana ndi kuchotsa bere lonse. Kuno mwayi umenewo wakhala wosowa. Ambiri amafika chotupa chitakula kale, chitakafika m'khwapa, komanso kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe makina owotcherawo, moti odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa ku maiko monga Zambia, Tanzania ndi India. Ndiye mayi wa ku Ntaja amabwerera atadulidwa malo awiri, pachifuwa ndi m'khwapa. Maso a aliyense amakhala pachifuwa, chonsecho mavuto okhalitsa amachokera m'khwapa.

Milungu iwiri yoyamba ndi ya bala. Pansi pa khungu pomwe padali bere pamasonkhana madzi, poyamba ofiirira, kenako achikasu, ndipo kachubu kaja ntchito yake n'kuwatulutsa. Amakachotsa madziwo akachepa kufika pa mamililita 30 mpaka 50 pa tsiku, omwe ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu. Wotulutsidwa nako asachoke m'wodi namwino asanaonetse gadiyani kakhuthulidwe kake, ndipo tsiku lililonse kuchuluka kwa madziwo kulembedwe. Kachubu katachoka, madzi amatha kusonkhananso, pachifuwa n'kutupa mofewa. Zimenezi zimachitikira ambiri ndipo sikuti khansa yabwerera. Akachuluka, kuchipatala amawakoka ndi jakisoni. Kunyumba asayese kuboola.

Chimene ndimaopa kwambiri pa milungu imeneyi ndi chifundo cha achibale. Kwathu kuno malo opweteka timathowa ndi kansalu ka madzi otentha. Koma khungu la pachifuwa, m'khwapa ndi kuseri kwa mkono limachita dzanzi, chifukwa timitsempha tina timadulidwa pa opaleshoni, ndipo wodwala akhoza kupsa mpaka matuza iye osamva kanthu. Chimodzimodzi masamba osinja, phulusa kapena mafuta a nsatsi pabala: sizipoletsa, zimangolowetsa tizilombo. Bala losokedwa bwino limafuna madzi oyera ndi sopo pa nthawi imene namwino wanena, kulipukuta ndi nsalu yochapidwa n'kuumitsidwa padzuwa, ndi malaya a thonje otaya. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala ku Balaka limadzaza thukuta m'khwapa, ndipo pamenepo m'pomwe bala limakonda kunyowa n'kutseguka. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho gadiyani ayang'ane ngati m'mbali mwa bala mwada, mukunyezimira kapena mukutentha pokhudza. Zikatero, kapena thupi likatentha, mafinya ndi fungo zikayamba, ulusi ukamasuka, pachifuwa pakatupa mwadzidzidzi n'kulimba, katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumawawa, kapena wodwala akayamba kubanika, tsiku la m'kabuku lisadikiridwe.

Ululu nawo usapiriridwe pofuna kuoneka wolimba mtima. Mayi amene akumva kuwawa sagwedeza mkono, sakoka mpweya mokwanira, sadya. Panado ndi Brufen omwa pa nthawi yake amakwanira kwa ambiri, ngakhale Brufen sayenera wa zilonda za m'mimba kapena wa impso zofooka. Ululu ukakula, morphine wamadzi amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo kumwa kwake sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa. Kulasa, kunyerenyetsa, kapena kumva ngati bere lochotsedwalo likadalipo ndipo likuyabwa, zimachokera ku mitsempha yodulidwa ija. Palibe amene walodza.

Tsopano mkono. Apa pali malamulo awiri ooneka ngati akutsutsana, ndipo mabanja ambiri amagwira limodzi n'kutaya linzake. Mkono uyenera kugwedezeka kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni, koma usanyamule katundu. Amene amaukumbatira pachifuwa usana ndi usiku, kapena kuukoleka m'khosi ndi chitenje ngati wothyoka, pakatha mwezi amapeza phewa litauma, osathanso kufika pamutu kuti amange duku. Mafizo ake safuna chida. Mlungu woyamba ndi kufumbata ndi kutambasula dzanja, kupinda chigongono, kukweza ndi kuzunguza mapewa, ndi kukweza mkono osapitirira phewa. Kachubu kakachoka, bala n'kugwirana, aime moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo pang'onopang'ono, ndipo pomwe zafika alembepo ndi khala kuti mawa lake apitirirepo pang'ono. Azitero katatu pa tsiku, kwa miyezi ingapo. Kukoka kumveke, koma kusafike polira nako. Ena amamva chingwe cholimba chochokera m'khwapa kutsika mpaka pachigongono. Nachonso chimamasuka ndi mafizo omwewa. Palinso chifukwa china chofulumirira: wokawotchedwa ndi makina amagona mkono uli pamwamba pa mutu, ndipo phewa louma limachedwetsa chithandizocho.

Kunyamula ndiko kudikire. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mphindi yoopsa ndi yoitukula kuchoka pansi kufika pankhata, manja onse atatambasukira m'mwamba. Kusinja, kupopa mjigo, kuwaza nkhuni, kufinya mabulangete, kuvundula nsima ya banja lalikulu, zonsezi zimakoka pomwe pasokedwa. Kuphika ndiwo, kusankha mpunga, kuyenda kukacheza kwa anansi, zimenezo achite, chifukwa kugona pamphasa tsiku lonse nako kumaundanitsa magazi m'miyendo. Pakatha milungu 6 abwerere ku ntchito pang'onopang'ono: kandowa ka malita 5, kenako 10; kumunda ola limodzi m'mawa, osati ganyu wa tsiku lathunthu.

Kunena n'kosavuta. M'midzi yambiri ya maboma awiriwa ukwati ndi wa chikamwini, motero mayi amachirira pakati pa abale ake, ndipo umenewu ndi mwayi weniweni. Koma achemwali akewo nawo ali ndi minda yawo. Opaleshoni ikagwa m'Disembala kapena Januwale, nthawi yobzala ndi kupalira, kapena pomwe thonje la ku Balaka likuthyoledwa ndi mpunga wa ku dambo la Chilwa ukudulidwa, mayi amadzuka mlungu wachiwiri n'kutenga khasu, podziwa kuti munda ukalowa tchire chaka chonse ndi njala. Kumukalipira sikuthandiza. Chothandiza n'chakuti mwinimbumba aitanitse banja opaleshoni isanachitike, ntchito zigawidwe potchula maina: uje madzi, uje nkhuni, uje kumunda, ndalama ya ku Joni ilipire aganyu. Tsiku la opaleshoni lisasunthidwe podikira kukolola. Ndipo anyamata a pakhomo atunge madzi. Njinga ndi zigubu zilipo, chochititsa manyazi ine sindikuchiona.

Vuto lokhalitsa ndi kutupa kwa mkono, kumene madokotala amati lymphoedema. M'thupi, kupatula magazi, muli madzi ena oyera oyenda m'timitsempha tawotawo, ndipo a mu mkono amadutsa m'timibulu ta m'khwapa pobwerera. Amene adalimapo mpunga pa sikimu ya Domasi akudziwa zimene zimachitika ngalande ikatsekeka: madzi amasefukira kumtunda kwa potsekapo. Timibulu tikachotsedwa, mkono nawo ukhoza kutero. Kafukufuku wophatikiza maiko ambiri adapeza kuti mwa amayi 5 ochotsedwa timibulu ta m'khwapa, pafupifupi mmodzi amatupa mkono, ambiri m'zaka ziwiri zoyamba, ena patapita zaka zambiri. Kumayamba mozemba: mphete kapena chibangili kuthina, mkono wa bulauzi kugwira, dzanja kulemera madzulo. Kukadziwika pamenepo kumagonja ndi mafizo, kusisita kopepuka kolozera kuphewa, kutsamiritsa mkono pamalo okwera, ndi bandeji yomangidwa ndi wodziwa. Kukalekereredwa, mkono umalimba ndipo kubwerera m'chimake kumavuta.

Mdani wa mkono wotere ndi kabala kakang'ono: munga wa kunkhuni, kupsa ndi mbaula, kudzicheka potumbula nsomba, kukanda polumidwa ndi udzudzu. Kabala kalikonse katsukidwe ndi sopo nthawi yomweyo, khungu lidzoledwe mafuta kuti lisang'ambike, ndipo mkono ukatentha n'kutupa mwadzidzidzi, thupi n'kumazizidwa, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira mankhwala opha tizilombo. Mphini pa mkono umenewu zisatemedwe, zivute zitani. Jakisoni ndi kuyeza BP, ngati n'kotheka, zichitike ku mkono winawo. Koma chiphunzitso chakale chakuti mkonowo usadzagwirenso ntchito moyo wonse chidatsutsidwa. Mu 2009 Kathryn Schmitz ndi anzake ku Pennsylvania adasonyeza kuti amayi otupa mkono amene ankanyamula zitsulo mowonjezera pang'onopang'ono sadatupe koposa anzawo, ndipo vutolo linkawavuta mocheperapo. Khasu adzaligwiranso, bola asalithamangire.

Za chakudya sindichulukitsa. Bala limafuna zomanga thupi, ndipo maboma awiriwa ali nazo: nandolo, khobwe, mtedza, mazira, matemba ndi usipa, kuonjezerapo masamba, mango, malambe ndi bwemba. Palibe chakudya chimene chimachiza khansa, ndipo mabotolo odula a zitsamba otsatsidwa pa WhatsApp amangodya ndalama ya thiransipoti. Wa matenda a shuga awasamale, chifukwa shuga akakwera bala silipola. Wa ma ARV asadumphitse. Wa fodya asiye. Msilamu amene Ramadan yamupeza ali ndi bala kapena ali pa mankhwala akambirane ndi shehe wake, poti chipembedzo chimalola wodwala kudzabweza masikuwo atachira.

Bala likauma mudzi umati wachira, ndipo apa m'pomwe ambiri amatayikira. Bere lochotsedwa limatumizidwa kokapimidwa, zotsatira zimatenga milungu, ndipo ndizo zimanena chotsatira: mankhwala a m'dilipi otchedwa chemotherapy, kuwotcha ndi makina, mapiritsi, kapena zonsezi. Mpeni umachotsa zooneka, pomwe mankhwala amasaka tizidutswa tosaoneka tomwe mwina tidafalikira kale. Mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa imachokera pomwepa: wodwala adafika mochedwa, kapena adalekezera pa opaleshoni, matenda n'kubwerera, anthu n'kunamizira mpeni. Kwa amene sadalandire chemotherapy opaleshoni isanachitike, madokotala amafuna ayambe pakatha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka, ndipo kuchedwa kupitirira miyezi 3 kumachepetsa phindu lake. Bungwe la WHO, mu ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere ya 2021, lidaika mulingo wakuti odwala 80 mwa 100 alionse azimaliza chithandizo chonse osalekeza panjira.

Kuti mulingowo ukwanire ku Chikweo pafunika ndalama. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, minibasi ayi. Chemotherapy nthawi zambiri amaperekedwa pakapita milungu itatu iliyonse, maulendo 6 kapena 8, makamaka ku Queen Elizabeth (Gulupu) ndi ku Lilongwe, ulendo uliwonse anthu awiri, kuphatikiza chakudya, kuphatikizanso tsiku lija magazi amapezeka ochepa n'kuuzidwa kuti mudzabwere mlungu wa mawa. Makina owotchera tsopano alipo: chipatala cha khansa chomwe si cha boma chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2024, ndipo cha boma pa Kamuzu Central ku Lilongwe chidatsegulidwa mwalamulo mu 2025. Koma kuwotchako ndi kwa tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kawirikawiri kwa milungu itatu mpaka isanu, kutanthauza kusamuka pakhomo. Banja limene lagulitsa mbuzi zonse pa ulendo wa opaleshoni limafika apa lili chimanjamanja. Ndi bwino kufunsa dokotala chiwerengero cha maulendo pachiyambi pomwe, kuti pokambirana ndi a banki m'khonde, a kumpingo kapena a kumzikiti, ndalama ya ulendo wachisanu iwerengeredwe pamodzi ndi ya woyamba.

Machinga ndi Balaka ndi maboma a malungo, ndipo chizolowezi chathu n'chakuti thupi likatentha timwe Panado, tione mawa. Kwa amene ali pa chemotherapy chizolowezichi chimapha. Chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri pakatha mlungu umodzi kapena iwiri chilandirire dilipi, ndipo kutentha kofika madigiri 38 ndi nkhani ya usiku womwewo. Ayezedwe malungo, inde, koma anene kuti ali pa mankhwala a khansa, ngakhale malungowo apezeke. Ena amapatsidwa tamoxifen, piritsi limodzi pa tsiku kwa zaka 5 kapena kupitirira, ngati khansa yawo ndi yoyendera mahomoni. Limabweretsa thukuta ndi kutentha kwa kanthawi, ndipo munthu akaona kuti ali bwino amayesedwa kulisiya, pomwe chitetezo chake chili m'zaka zimenezo. Wotaya magazi mosayembekezera ali pa piritsili akaonedwe. Palinso nkhani ya kulera imene imaiwalika. Jakisoni wa Depo, mapiritsi olera ndi timachubu ta pamkono zili ndi mahomoni ndipo siziloledwa kwa wodwala khansa ya m'mawere, komanso kutenga mimba ali pa mankhwalawa n'koopsa kwa mwana. Zotsala ndi lupu ya kopa, makondomu, kapena kutseka kwa amene ana adamukwanira.

Nanga mtima? Bere kwathu ndi la mwana, ndi la ukwati, komanso limaonedwa ndi amayi anzako kumtsinje, kuchinamwali, kumaliro komwe amayi amagona ndi kusamba pamodzi. Wochotsedwa bere amayamba kusamba yekha kusanache. Ena amuna awo amakwatira wachiwiri, kapena mkamwini amangonyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo. Ena amakhalabe koma amaopa kumukhudza, poganiza kuti khansa imapatsirana. Siipatsirana, ndipo bala likapola palibe choletsa banja kukhalira malo amodzi. Ankhoswe amene amaitanidwa pa nkhani ya ndiwo kapena ya mowa aitanidwenso apa, zinthu zisanafike patali. Opaleshoni yomanganso bere ndi yosowa kuno, koma telala wa pa Liwonde akhoza kusoka kathumba m'kamisolo, momwe mungalowe bere lolukidwa ndi ulusi wa thonje kapena la nsalu yofewa, ndipo bulauzi imakhalanso bwino. Blandina Khondowe, yemwe adali Miss Malawi mu 2002 ndipo adayambitsa Think Pink Malawi atapezeka ndi khansa ya m'mawere, adalankhula za matendawa poyera mpaka imfa yake mu 2020. Mawu otero adamveka kwambiri m'tauni. Kumudzi chimene chimalimbitsa mtima n'kucheza ndi mayi wa dera lomwelo amene adachotsedwa bere zaka zapitazo ndipo akulima ndi kupita kumsika monga kale. Namwino amene akudziwa mayi wotere, iye atavomera, awakumanitse.

Mbali ya boma si yodula monga timaganizira. Kuchotsa ulusi, kukoka madzi, kupereka tamoxifen ndi kuphunzitsa mafizo n'zotheka pa Liwonde ndi pa Balaka, bola kalata yochokera kuchipatala chachikulu ifotokoze bwino chimene chidachitidwa ndi chimene chikudikiridwa. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amadziwa kale kulondola amene wasiya mankhwala a TB kapena ma ARV. Dzina la mayi wotuluka ku opaleshoni litamawafika, akhoza kumulondola chimodzimodzi akaphonya tsiku la dilipi. Ndipo Chipatala cha pa Foni, chimene lero chimayankha dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, chidayambira ku Balaka komweku mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, pothandiza amayi oyembekezera ndi ana. Gadiyani amene sakudziwa ngati kutupa kwa usiku kungadikire mawa ali ndi pofunsira.

Chithandizo chikatha, kuonedwa kumapitirira, poyamba pa miyezi 3 kapena 6 iliyonse, kenako kamodzi pa chaka. Pakati pa maulendowo mayi azidzipapasa mwezi uliwonse pachipsera, m'khwapa, m'munsi mwa khosi ndi bere lotsalalo. Kambulu katsopano, chilonda pachipsera, msana kapena mafupa owawa mosalekeza, chifuwa chosatha, mutu wosamva mankhwala, kuwonda popanda chifukwa: chilichonse mwa izi chikatha milungu iwiri apite ndi kabuku kake, ndipo anene pakhomo pomwe kuti adachitidwa opaleshoni ya khansa, kuopa kubwezedwa ndi mankhwala a chifuwa wamba. Achemwali ndi ana ake aakazi nawo azikapimitsa mawere, makamaka ngati matendawa adamugwira asanakwane zaka 50.